Timu ya Bambo Youzira Mpweya

12 Malichi

Mwananga Chete,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamoyo ndi wamphamvu. Kuno tadzuka. Amako ali bwino, mlongo wako akadali pantchito yake kumgodi wa miyala kuja, madzulo akumabwera ali mbuu ngati wagwera m'thumba la simenti. Ine ndiye ukundidziwa: ndikakhala pansi ndine mnyamata, ndikaimirira ndine nkhalamba.

Usamadandaule ndikapanda kuyankha foni. Pafoni mpweya umandithera pakati pa mawu, iwe n'kumangoti "Bambo? Bambo?" ngati ndagwera m'chitsime. Pepala limadikira munthu apume.

Anzanga amene tinkaboola nawo miyala andituma ndikufunse. Chaka chilichonse mvula ikangodula mumabwera ndi makina anu aja, kutipana mphuno, kutiika kapaipi m'kamwa, abwana ako n'kumakuwa "Uzirani! Uzirani!" mpaka maso atatuzuka. Chaka chino zii, ngakhale uthenga woti tikonzeke. A Injini, aja chifuwa chawo chimalira ngati lole yakale pachitunda, akundifunsa m'mawa uliwonse. Akuti, "Mwana wanu uja watiiwala, kapena Mayi Uzirani mawu anawathera?" Ndiwayankhe chiyani?

Ukapeza kangachepe unditumizireko kamankhwala kopopera m'kamwa kaja. Kuchipatala kuno kanatha.

Ndine bambo ako.

9 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa achimwene. Ine ndili bwino. Kamankhwala kaja ndapatsira kondakitala wa basi pamodzi ndi kalatayi.

Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Kalata yanu inafika msanga, koma ndakhala ndikuyenda nayo m'thumba osadziwa poyambira.

Boma linawerenga bajeti ya chaka chino. Ndalama zimene linkapereka ku kafukufuku wa matenda a m'mapapo zachepetsedwa kwambiri, ndipo gawo lathu, lotsatira anthu amene anagwira ntchito m'fumbi la miyala, alichotsa lonse. Ndinafuna kukwiya, Bambo, koma mkwiyo unandikanika. Ndalamazo akuti zapita kokonza milatho imene inakokoloka ndiponso kogulira mankhwala m'zipatala. Ndani angaimirire n'kunena kuti mlatho udikire? Amene anachotsa dzina lathu mwina si munthu woipa. Mwina sanamvepo a Injini akupuma, basi.

Kuntchito kwazizira. Anzanga awiri anapeza ntchito kwina. M'chipinda chathu mwatsala matebulo anayi, mipando yosanjikiza pakona, ine ndi Mayi Dokotala, amene inu mumawati Mayi Uzirani. Dzinalo akulidziwa ndipo amalikonda. M'mawa uliwonse amafika ine ndisanafike, n'kutulutsa chipampu chachikulu chimene timayesera ngati makina akuwerenga molondola. Amapopa, amayang'ana, amapopanso, ngati panja pali mzere wa anthu. Ndinawafunsa kuti akuvutikiranji. Anati, "Makina sanamve za bajeti, mwanawe. Tsiku limene tidzawafune asadzatinamize." Ine ndikanakhala iwo bwenzi nditatseka chitseko kalekale. Sindidziwa kumene anthu ena amautenga mtima wotere.

Anzanu muwauze kuti sitinawaiwale. Pakati pa chaka komiti ya aphungu imaunikanso bajeti, ndipo Mayi apempha kuti akalankhule kumeneko. Akufuna kukaonetsa zotsatira za chaka chino. Choncho akuyesetsa kuti tibwere, ngakhale kakhale komaliza. Tikalephera kukhutiritsa komitiyo, ntchito yanga itha, ndipo makina apita m'kabati.

Chinanso chikundisowetsa mtendere. Mnzathu amene ankakhala pakompyuta anachoka, ndiye Mayi akhala pamenepo okha. Wokuwa akuti ndikhala ine. Ine amene munanditcha Chete! Ndinayeserera m'bafa, mwini nyumba anagogoda kufunsa ngati ndikuitana mphaka.

Ndine mwana wanu.

21 Epulo

Mwananga,

Tili bwino, kaya iwe. Kamankhwala kafika, zikomo.

Zonse tamva. Ndinawerengera anzanga kalata yako pakhonde la sitolo yotsekedwa ija, ndipo palibe amene anaseka, kupatula pa za mphaka. Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Iwe usade nkhawa. Zakuno tisiyire ife akuluakulu. Chaka chino iwe ndi abwana ako simuchita manyazi pamaso pa aphungu, ndikulonjeza.

Unditumizire zibaluni, paketi yayikulu, zolimba, osati zija zimaphulika ukangoziyang'ana. Usafunse zambiri.

Tsiku likadziwika utiuze msanga.

Ndine bambo ako.

7 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Zibaluni ndi izi, ndasankha zamitundumitundu. Ndaganiza kuti ndi za tsiku lobadwa la mwana wa achimwene, ndipo ndachita manyazi kuti azakhali ake ndinaiwala mwezi. Mundipsompsonere mwanayo.

Tibwera pa 10 Julayi. Mayi anayenda maofesi ambiri kupempha galimoto. Kwina anawadikiritsa pabenchi tsiku lonse, iwo n'kumangowerenga mapepala awo, nsapato atavula. Pomaliza a chipatala chachikulu atibwereka yawo ya tsiku limodzi. Za mafuta sanandiuze, koma ndikukayikira kuti atulutsa m'thumba mwawo.

Mawu anu akuti "simuchita manyazi" anandilimbitsa mtima, ngakhale sindinawamvetse bwino.

Ndine mwana wanu.

26 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Ukudziwa kuti ine ndi cholembera sitigwirizana, koma amayi andiuza kuti ndikapanda kukulembera ndisawaonetsenso nkhope. Foni sindingaimbe, madala makutu awo ndi akuthwa kuposa mapapo.

Mwana wanga anabadwa mu Novembala, azakhali opanda pake iwe. Zibaluni zako zili pantchito ina.

M'mawa uliwonse madala amasonkhanitsa anzawo kuseri kwa sitolo yotsekedwa ija. Agula wezulo. Akaimba, nkhalamba zonse zimauzira zibaluni, iwo n'kumayendera mmodzimmodzi, kuyeza kukula kwake ndi chingwe. Akuti ndi timu. Poyamba tinkaseka. Kenako anayamba kusankha. Amene chibaluni chawo chikufufuma bwino ndiwo adzabwere pa 10 Julayi. Ena onse awauza kuti tsikulo adzakhale kunyumba, mukadzafunsa adzanene kuti anapita kumaliro. A Injini anali oyamba kuchotsedwa. Anaponya chipewa pansi, anafuna kutukwana, mpweya unawathera pa mawu achiwiri, ndiye anangoloza madala ndi ndodo n'kumapita.

Sabata yatha mkulu wina anakomoka akuuzira. Anadzuka, koma amayi mtima suli m'malo.

Tsopano imva ichi. Madala nawonso adzichotsa. Chibaluni chawo chimangofika ngati nkhonya. Akuti, "Kochi sasewera." Dzulo anandiitana kuchipinda, n'kundipatsa kakhadi kawo ka kafukufuku kaja. Akuti ndidzavale chipewa chawo ndi jekete yawo, ndidzauzire m'malo mwawo, poti nkhope n'zofanana ndipo Mayi Uzirani amayang'ana pakompyuta. Ndinati, "Nanga Chete sadzandizindikira?" Akuti, "Ameneyo ndi Chete, adzakhala chete."

Ndinawafunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa dzulo. Anati, "Iwe sudziwa kanthu. Nthawi yathu dokotala wa kampani ankabwera chaka chilichonse kudzatimvera zifuwa. Ukatsokomola pamaso pake, mwezi wotsatira pageti akuuza kuti ubwerere. Tinkamwa madzi otentha, kumeza chifuwa, kukachitulutsira kuseri kwa lole. Boma ndi chimodzimodzi, siliika ndalama pa anthu olephera. Zaka zonsezi takhala tikuuzira mofooka, n'chifukwa chake ntchito ya mwana wanga ikutha. Chaka chino tikhoza."

Ine sukulu sindinapite nayo patali, mlongo, mwina akunena zoona. Koma jekete yawo sindikufuna kuvala. Tandiuza chochita.

Ndine mlongo wako.

2 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikupemphani kuti kalata iyi muiwerenge muli nokha, mutakhala pansi. Achimwene musawakalipire. Anachita bwino kundiuza.

Ndayamba kalatayi kangapo n'kuing'amba. Ndinu bambo anga, ndipo sindinazolowere kukuuzani kuti mwalakwitsa. Komanso sindikudziwa ngati mawu akuti kulakwitsa akukwanira pa chinthu chimene munthu wachita chifukwa chokonda mwana wake.

Ndinawerengera Mayi kalata ya achimwene. Pa za wezulo anaseka mpaka kuvula magalasi. Pa za jekete anasiya kuseka. Anati, "Ife timati tikuvutikira amuna awa, osadziwa kuti iwo akuvutikira ife." Anatinso chaka chilichonse amauza munthu aliyense zotsatira zake, koma sanaganizepo kuti mumazimva ngati malikisi a mayeso.

Bambo, kuyeza kwathu si kwa dokotala wa kampani. Palibe wokhoza, palibe wolephera. Timayeza anthu omwewo chaka ndi chaka kuti tione mmene fumbi limadyera mapapo, ngakhale munthu atasiya ntchito kalekale. Munthu aliyense ali ndi mzere wake pakompyuta. Tikaphatikiza mizere yonse, imanena chinthu chimodzi: kuboola miyala youma, popanda kuthira madzi, kumafupikitsa mpweya wa munthu. Mayi akufuna kuti kuthira madzi poboola kukhale lamulo, kuti achimwene ndi anzawo asadzafike pamene mwafika inu. Ndi nkhani imeneyi akupita nayo kwa aphungu.

Tsono taganizani. Mukatibweretsera a zifuwa zabwino okhaokha, pepala lidzanena kuti fumbi silipweteka munthu. Mayi adzanyamula ndi manja awo umboni wakuti kafukufuku wathu ndi wosafunika. Ndipo sangalisinthe, si munthu wotero. Chimene makina alemba ndi chimene amapita nacho.

Tikufuna a Injini, Bambo. Tikufuna onse amene mwawauza kuti adzapite kumaliro. Tikufunanso inu, ndi chifuwa chanu chomwecho, mutavala jekete yanu nokha. Mzere wanu ukutsika, ndipo chaka chino ndikuganiza kuti utsikanso. Zimandiwawa kulemba zimenezi. Ndikauyang'ana ndimafuna kuzimitsa kompyuta. Koma ndi mzere woona, ndipo ndi wokhawo umene ungalankhule m'chipinda chimene inu ndi ine sitilowamo.

Zibaluni zisiyeni, chonde, wina asanavulale.

Ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga, mundikhululukire.

Ndine mwana wanu.

18 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni. Kondakitala akuti kalata ija anakupatsani m'manja. Sindinamve kanthu. Achimwene akuti simukutuluka m'nyumba ndipo wezulo ili pawindo.

Mwina ndinalemba mouma. Kuyunivesite anatiphunzitsa kufotokoza mapapo, sanatiphunzitse kulankhula ndi mwini wake. Ngati mwakwiya, ndikalipireni, koma musangokhala duu. Pakhomo pathu wosalankhula ndi mmodzi, ndipo ndi ine.

Tsiku silinasinthe. Ngakhale titadzapeza benchi yopanda munthu, tibwera.

Ndine mwana wanu.

29 Juni

Mwananga,

Ndili moyo, usaope. Makalata ako onse awiri ndinalandira.

Sindinakwiye nawe. Ndinachita manyazi, ndipo manyazi a munthu wamkulu sachoka msanga. Munthu wabisa chifuwa moyo wake wonse kuti ana adye, lero mwana yemweyo akuti bwera nacho pagulu. Ndinakhala masiku ndikuyang'ana khoma. Amako anati, "Mukhala choncho mpaka liti? Mwasokoneza anthu ndinu, kakonzeni ndinu." Ukuwadziwa amako.

Ndinayambira kwa a Injini. Ndinawapeza pakhonde, anandiona ndili kutali, sanandipatse mpando.

Ndinati, "Akulu, mwabwerera mu timu."

Akuti, "Ndamva kale. Akuti tsopano msika ukufuna zowola."

Ndinati, "Si kubwerera kokha. Ndinu kaputeni."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akuti, "Ndiye inu wachiwiri wanga, a kochi, pakuti ndakumvani mukukwera masitepe anga awiriwa. Ndimayesa kukubwera njinga yamoto." Apo m'pamene anakankha mpando ndi phazi.

Kuchokera pamenepo tayenda limodzi khomo ndi khomo, pang'onopang'ono, kupuma pansi pa mtengo uliwonse. Ena anavuta. Mmodzi anati sakufuna kuti boma lidziwe kuti anatha. A Injini anamuuza kuti, "Boma silikudziwa n'komwe kuti unayamba." Anavomera. Awiri amene sangathe kuyenda mlongo wako adzawatenga pa njinga, wapempha kale tchuthi kuntchito.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Tsikulo usadzandichitire chifundo. Ukadzandinong'oneza chifukwa ndine bambo ako, anzanga adzandiseka mpaka kumanda. Udzandikuwire ngati mmene amachitira abwana ako.

Ndine bambo ako.

14 Julayi

Okondedwa Bambo,

Tinafika bwino. Ndikhulupirira kutopa kwa tsiku lija kwakutherani. Pali zinthu zimene sindinathe kunena pamaso panu, poti anthu anali ambiri ndipo ine pakamwa pamandilemera.

Galimoto itakhota pachipatala chaching'ono chija, ndinaona benchi yodzaza, ena atakhala pamasitepe, nonse mutavala malaya ositidwa. Simunabwerepo ochuluka chotere. Mayi anagwira dzanja langa.

Munthu woyamba ndinamulephera. Ndinati "uzirani" ngati ndikupempha mchere patebulo. Pamenepo a Injini anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Mwana iwe, ukudzutsa khanda kapena ukuyeza amuna?" Mawu amene anatuluka pambuyo pake sindikudziwa kumene anachokera. Mpaka lero kukhosi kukundiwawa.

A Injini atamaliza anafunsa Mayi kuti, "Zaipa mokwanira?" Mayi anati, "Zaipa, bambo, pepani." Iwo anati, "Musapepese. Lembani bwino, ndavutika nazo zaka zambiri kuti zifike pamenepa."

Inu munalowa komaliza. Ndinakupanani mphuno. Ndinakukuwirani monga munapempha, ndipo munauzira mpaka mitsempha ya pakhosi inaima. Kenako chifuwa chinabwera. Ndinaona mukuyang'ana chitseko, phazi litaloza kale kunja, monga mwakhala mukuchitira kuyambira ndili mwana. Koma simunatuluke. Munakhala pampando pomwepo, n'kutsokomola pamaso pa dokotala mpaka chinatha chokha. Ndaona anthu ophunzira akuchita zinthu zolimba mtima, Bambo, ndipo Mayi ndimawaona tsiku lililonse. Koma chimene munachita pampando paja sindinachionepo.

Munandiuza kuti ndisakubisireni. Mzere wanu watsika kuposa chaka chatha, ngakhale osati kwambiri monga ndinkaopera. Mayi alembera adokotala a kwanuko za mankhwala ena amene angakuthandizeni kupuma bwino.

Pobwerera Mayi anakana kuika makina kumbuyo. Anawafungatira pamiyendo njira yonse.

Komiti ikumana kumapeto kwa mwezi uno. Sindikufuna kukunamizani: palibe chimene atilonjeza. Tsiku lomwelo kukalankhulanso a milatho, a sukulu, a madzi, ndipo onsewo ali ndi zifukwa zomveka. Mayi apatsidwa mphindi zochepa. Dzulo tinapita kukaona malowo kuti tisadzasochere. Ndi chipinda cha pamwamba penipeni, chikepe chinawonongeka, ndipo Mayi anafika pamwamba akupuma mwawefuwefu. Anaseka n'kunena kuti aphungu akadzamva mmene akupumira mwina adzawamvera chisoni. Ine ndikuopa kuti mizere papepala ndi mizere chabe kwa munthu amene sakukudziwani. Koma ndi imene tili nayo, ndipo ndi yoona chifukwa cha inu.

Moni kwa amayi, achimwene ndi kaputeni.

Ndine mwana wanu.

20 Julayi

Mwananga,

Tili bwino. Kaputeni akuti ukuwa bwino, koma uchepetseko malovu.

Za mzere wanga ndamva. Sindinadabwe, ndimakhala nawo m'nyumba imodzi.

Pa nkhani ya chipinda cha pamwambayo, ine ndi a Injini tagwirizana. Tikwera basi ya m'mawa tsiku la komiti, amako avomera, mlongo wako atiperekeza. Sitidzalankhula, zolankhula ndi za abwana ako. Uwapemphe chabe kuti chitseko cha chipindacho adzachisiye chotsegula. Iwo akadzayamba kufotokoza mizere yawo, ife tidzayamba kukwera masitepe kuchokera pansi. Sitidzathamanga, ndipo sitidzabisa kanthu. Aphunguwo adzatimva tisanafike.

Utiuze nthawi, ndiponso ngati pakhomo pake amalola ndodo.

Ndine bambo ako.